Mpanda Wokhota wa ku Nakoli

Atate anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo chinthu chokhota chinkawasowetsa mtendere. Mizere ya chimanga kuseri kwa nyumba ankayeza ndi chingwe. Nsapato zathu pakhomo zinkafola ngati ana a sukulu. Nyumba yathu ya ku Nakoli anamanga okha, njerwa kuumba okha pa masiku opuma, ndipo khoma lililonse linaima njo, lopanda mimba. Koma mpanda wa nkhadze wozungulira nyumbayo, umene anabzala amai, unali wokhota. Mbali zitatu unkayenda bwinobwino. Ukafika pangodya ya kumsewu unkapatuka, n'kutuluka panja, kuzungulira mtengo wa gwafa, kenaka n'kubwerera pamzere ngati chidakwa chimene chakumbukira njira ya kwawo.

"Amake ana, kodi mpanda uwu munabzala mutatsinzina?" atate ankafunsa chaka ndi chaka.

"Nkhadze imamera kumene yafuna," amai ankayankha osatukula mutu.

Limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Nkhadze imamera pamene waizika, ndipo amai anaizika dala. Ine chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa, nditabereka mwana wanga woyamba, amai ataona kuti tsopano ndalowa m'gulu la akazi oyenera kumva zinthu. Anandiuza tikuchapa matewera, mwachidule, maso ali m'beseni.

Chaka chimene tauni yathu inataya dzina lake lachingerezi n'kuyamba kutchedwa Kabwe, amai anali oyembekezera. Ine ndinali wamng'ono, sindikumbukira kanthu. Tsiku lawo linakwana atate ali kutali ndi sitima, ndipo mwana anabadwira m'nyumba momwemo, masana, koma sanalire. Kwathu kum'mawa mwana wotere timamutcha nthayo, ndipo ali ndi mwambo wake. Saikidwa kumanda, saimbiridwa nyimbo, amuna sayandikira. Amamuika akazi okhaokha m'kadzenje kosazama, ndipo mai wake saloledwa kulira, chifukwa amati misozi imatseka mimba. Azimai a kutchalitchi kwathu, onse ochokera kum'mawa, anali Akhristu olimba, koma pa nkhani iyi palibe anatsegula Baibulo. Anamukulunga mwanayo m'kansalu n'kukamuika patchire pafupi ndi nyumba. Nthawi imeneyo ku Nakoli nyumba zinali zowerengeka, ndipo ukangodutsa bwalo lathu unali m'thengo.

Atate atabwera anangouzidwa kuti zalephereka. Atafuna kufunsa zambiri, mai wina wachikulire anawadula: "Izo n'za akazi." Atate anali munthu waulemu, wosakonda kulowerera za eni. Anatseka pakamwa ndipo sanafunsenso.

Kenaka anthu anayamba kuchuluka, aliyense akudzidulira kapuloti kake, thengo n'kumatha. Amai anaona kuti tsiku lina munthu adzakumba chimbudzi pamene pagona mwana wawo. Anabzala gwafa pambali pake. Ndiyeno dzinja lililonse ankazula nkhadze za pangodyayo n'kuzisunthira panja pang'ono, mpaka gwafa ndi kamanda kaja zinalowa m'bwalo mwathu. A khonsolo atabwera kudzakhoma zikhomo za mapuloti, anangotsata mpanda. Amai anga, munthu woopa kutola ngakhale singano ya mnzake, anaba malo Boma likuyang'ana, ndipo ine mpaka lero ndimawanyadira.

Choncho nyumba yathu inali ndi manda, mwini nyumba osadziwa. Pa gwafa pomwepo ndi pamene atate ankatsamiritsa njinga yawo, pomwepo ndi pamene ankaika mpando akaweruka n'kumamvera wailesi. Amai ankasesa pamenepo m'mawa uliwonse asanasese m'nyumba. Magwafa ake tinadya ife, ana a anansi anadya, mbalame zinadya. Amai sanalawepo ngakhale limodzi, ankati amawamanga m'mimba.

Atate anapuma ntchito m'zaka zija za mizere, pamene ufa, sopo ndi mafuta ophikira unkazipeza utaima padzuwa mpaka miyendo kutupa, mwinanso n'kubwerako chimanjamanja. Wailesi inkangoti bwererani kuminda. Atate sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anabwera m'tauni muno ali mnyamata, ndipo zaka zonsezo ankadziona ngati mlendo amene wachedwa kutsazika. Anaona mbendera ikusintha. Anapalasapo njinga mpaka ku Mulungushi kukamvera akuluakulu a Chipani, n'kubwerako ndi ludzu komanso nkhani zotikwanira mwezi wathunthu. Anaika m'manda anzawo ambiri amene fumbi la tauni ino linawadya zifuwa. Tsopano nawonso anali atayamba kutsokomola.

"Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka," anatero tsiku lina titakhala pakhonde. "Ine ndinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzafa. Nyumba tigulitsa."

Sindikanawatsutsa. Mlongo wanga anali kumigodi ya kumpoto, mng'ono wanga anakwatiwa ku Lusaka, ine ndinali m'nyumba ya khonsolo ku Bwacha ndi amuna anga, tonse aphunzitsi, malipiro othera m'njira. Panalibe mwana woti n'kuitenga. Koma mawu akuti tigulitsa atangotuluka, ndinayang'ana amai. Anali kusankha nyemba m'lichero, ndipo anapitiriza kusankha nyemba zimene anali atasankha kale.

Masiku amenewo lamulo linkati dothi siligulitsidwa. Ukagulitsa nyumba unkagulitsa zoima pamwamba zokha, makoma, malata, zitseko ndi mitengo. Kunabwera bambo wa kukhonsolo kudzaziona zimenezi, akugogoda makoma ngati akugula chivwende. Atate ankamutsata pambuyo akumufotokozera mbiri ya njerwa iliyonse, iye osawafunsa. Atafika pa gwafa, amai, amene sankalankhula ndi anthu a Boma, anatsegula pakamwa.

"Nanga dothi, bambo?"

"Dothi ni ya Boma, amai. Siigulisika."

"Nanga zimene zili pansi pa dothi?"

Bamboyo anaseka. "Ngati mwapezako mutovu, uyo ni wa mugodi."

Atate nawo anaseka, ine ayi. Tauni yathu ndi ya anthu okumba. Mwana aliyense wa ku Kabwe amakula akudziwa za chibade cha munthu wakalekale chimene anachifukula kumgodi n'kuchitumiza kutsidya kwa nyanja, osabweranso. Ife kusukulu tinkaiphunzitsa nkhaniyo monyadira, koma amai ankaida. Ankati ngakhale akhale wakale bwanji, ameneyo anali mwana wa munthu.

Wogula anapezeka msanga. Anali Mbemba, bambo wansangala amene anasiya ntchito kumigodi ya kumpoto n'kuyamba malonda. Mkazi wake, mai wojintcha wogulitsa tinsomba ta kapenta pamsika, anali ndi mawu oti akanong'ona ku Nakoli amamveka ku Bwacha. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Makolo athu anamenyana kalekale, ndipo nkhondo itatha anagwirizana zosiya mikondo n'kumalasana ndi pakamwa. Mbuya wako akhoza kukunyoza pagulu iwe n'kumaseka. Koma pakhomo pako pakagwa maliro, ndi yemweyo amene amatola khasu, kukoleza moto, ndi kukupaka ufa kumaso kuti useke chisoni chisanakuphe.

"Ba mbuya, nyumba ya bantu ba kum'mawa niikonda," anatero bamboyo akusuzumira kudenga. "Mulibe khoswe olo mumozi. Munadya bonse."

"Inu musavutike kuyang'ana m'mitengo," atate anabweza. "Anyani kuno kulibe, ndiwo muzikagula kumsika."

Anakondana pomwepo. Ndinali ndisanaone atate akuseka choncho chipumireni ntchito, ndipo mtima wanga unatsika pang'ono. Koma kuzungulira kwawo kunawafikitsa pangodya paja, ndipo wogula anaima n'kuyang'ana kumsewu, kumene anthu ankadutsa popita kumsika.

"Apa ndiye pa kantemba," anatero. Ankafuna kumangapo kagolosale ka machesi, makandulo ndi mabanzi. "Chimutengo ichi tizadula, mupanda tiongole, kantemba kankhale apa kuyang'ana ku njira."

Nkhope ya atate inawala. "Zaka zonsezi ndakhala ndikunena!" Analonjeza kuti ntchitoyo aigwira okha Loweruka, asanapereke makiyi, kwaulere. Sakanalola kusiyira mbuya chinthu chokhota kuti azikawaseka nacho pamsika.

Alendo atapita ndinawatsekereza amai m'khichini.

"Amai, auzeni."

"Sizinenedwa."

"Mimba imene ankati itseka inaberekanso awiri, ndipo pano inapuma yokha. Mukuopanso chiyani?"

Pakamwa panga pamathamanga, ndinabadwa choncho. Amai anandiyang'ana, mbale ili m'manja.

"Ndikawauza lero, andifunsa kuti zaka zonsezi ndinkawaona atakhala pamenepo osanena bwanji. Ndiwayankha chiyani? Ndipo iwe usayerekeze."

Ndinabwerera ku Bwacha nditakwiya ndi aliyense. Ndinakwiyira nkhalamba zimene zinapanga lamulo loletsa mai kulira mwana wake, ndinakwiyira chingwe cha atate, ndinakwiyira amai ndi kuuma mutu kwawo kofatsa kuja. Koma pansi pa mkwiyowo panali chisoni, cha onse awiri. Sabata imeneyo amai ankakulunga makapu m'manyuzipepala akale, kudya pang'ono, ndipo kusesa kwawo pa gwafa kunkatalika tsiku ndi tsiku.

Loweruka ndinalawirira, ati kukathandiza kumanga katundu. Ndinapeza atate atakhoma kale zikhomo ziwiri, chingwe chawo chija chitakokedwa molimba kudula ngodya ija mowongoka, gwafa atatsala kunja. Nkhwangwa ndi piki zinali pansi, njinga itatsamira pamtengo mwa masiku onse. Ogula anafika dzuwa litakwera, bamboyo ndi mkazi wake, kudzaonerera mmene wa kum'mawa amagwirira ntchito. Atate anavula jekete, kulavulira m'manja, n'kutola nkhwangwa.

Pamenepo amai anatuluka m'nyumba. Anali opanda nsapato, atavala chitenje chakale, duku atalimanga mpaka m'zikope. Anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, analumpha chingwe, n'kukhala padothi pansi pa gwafa, miyendo atatambasula, manja pamiyendo, mutu utagwa. Kakhalidwe kameneko, ndi duku lotero, n'ka pamaliro.

"Amake ana, chokani apo, mtengo ungakugwereni."

Amai sanasunthe.

"Ba mayo bakana na magwafa yao," wogula anaseka. "Osadandaula, tizabasungilako."

Mkazi wake sanaseke. Anayang'ana pansi posesedwa bwino paja, mizere ya tsache ikuoneka, anayang'ana mmene mpanda unakhotera, n'kuyang'ananso amai. Kenaka anavula nsapato zake za patapata, kumanga chitenje chake molimba, n'kukakhala pambali pawo, phewa ndi phewa. Mai waphokoso uja anafunsa motsitsa kwambiri, ndi liwu limene Abemba amatchulira mwana wa nthayo.

"Kapopo?"

Amai anavomera ndi mutu.

"Na ine ninasiya wanga," maiyo anatero. "Ku nyumba ya mugodi, kumbuyo kwa kichini. Siku yamene tinachoka sininauzeko muntu. Manje siniziba bamene bapondapo."

Atatero anagwira kumutu n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwenikweni kwa maliro, koitana anthu. Amai anapirira pang'ono, kenaka zinamasuka. Ine ndinawaonapo amai pa maliro ambiri, ngakhale a makolo awo, koma kulira kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Kunali kulira kwa mai wachitsikana wongobereka kumene, kukutuluka mwa munthu wa imvi. Anansi anayamba kulowa pachipata, ena ndi sopo m'manja. Mai wachikulire uja, amene anadula atate mawu zaka zija, anali akadali moyo, ndipo anabwera ndi ndodo yake. Atangoona pamene amai akhala anadziwa, nakhala pansi osafunsa.

Atate anali chiimire, nkhwangwa m'manja, akuyang'ana uku ndi uku.

"Kodi wamwalira ndani?"

Amai anandiletsa kunena, inde, koma tsopano Nakoli yense anali atamva. Ndinapita n'kugwada pafupi ndi atate.

"Atate, mwana uja wa chaka chija, amene munauzidwa kuti zalephereka. Ali apa. N'chifukwa chake mpanda unakhota."

Anandiyang'ana ngati ndawalankhula m'chinenero china. Anaika nkhwangwa pansi pang'onopang'ono. Kenaka anachita chinthu chimene chimandiliza mpaka pano. Anapita pamtengo paja kukachotsa njinga yawo, ndipo sanaikankhe. Anainyamula m'mwamba kuti matayala asaponde, n'kukaitsamiritsa kukhoma.

"Ine ndinkayesa anapita naye kuchipatala," anatero atabwerera, osauza munthu aliyense. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuika mpando pamutu pa mwana wanga."

Anavula chipewa. Atate, mkulu wa mpingo wa buluku losita, anakhala padothi moyang'anizana ndi mkazi wake. Mtima wanga unali m'mwamba, ndikuyembekeza funso lija limene amai ankaliopa. Sanalifunse.

"Anali mwana wanji?"

"Wamkazi," amai anatero. "Anali ndi zala zanu."

Atate anatambasula manja awo n'kumawayang'ana, zala zazitali zija zodetsedwa ndi mafuta a sitima, ndipo misozi inayamba kugwera pomwepo. Sanabise nkhope, sanadzuke kupita kuseri monga amachitira amuna. Amai anasendera n'kuwagwira bondo.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mai wa kapenta uja atapukuta misozi anakumbukira ntchito yake. Analowa m'khichini mwathu osaodira, natuluka ndi ufa m'manja monse, ufa womwe uja tinkauimira pamzere, n'kuwapaka atate kumutu ndi kumaso mpaka anayera mbuu. Anawapakanso amai, anamupaka mai wa ndodo, ine ndemwe sanandisiye.

"Imwe bantu ba kum'mawa!" anakuwa, mawu ake atabwerera. "Malilo musunga zaka na zaka monga mbeba zoyanika! Mwenze kuyembekeza chani? Kuti Mubemba abwele akulililenkoni?"

Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Amai anaseka, kenaka n'kuliranso, ndipo palibe anawaletsa. Maiyo anatembenukira mwamuna wake n'kuloza mbali ina ya bwalo, kufupi ndi mpope.

"Kantemba kazankhala uko."

"Uko kulibe njira, bantu sibazaona," bamboyo anadandaula, koma chipewa chinali kale m'manja.

"Ofuna machesi bazazungulila. Malilo ya aba ni yathu. Ndise tiika, ndise tisesa."

Atate anaimirira, nkhope ili mbuu choncho, napemphera. Anthu a kutchalitchi kwathu ankawadziwa ndi mapemphero aatali oziziritsa tiyi, koma tsiku limenelo anafupikitsa. Dzina sanamupatse, anangoti mwana wathu. Mai wa ndodo uja anavomera Ameni mokweza kuposa tonse.

Nyumba inagulitsidwa ndithu, ndipo sindinama kuti sizinapweteke. Ndinabadwira m'menemo, ndinatulukira pakhomo pomwepo popita kukakwatiwa, ndipo tsopano zipinda zinali pululu, misomali yokha kukhoma. Tsiku lonyamuka atate anapereka makiyi kwa bamboyo pakhonde, akumuphunzitsa mmene chitseko cha kumbuyo chimafunira kunyamulidwa pang'ono. Amai anatengera mbuya wawo, mai wa kapenta uja, pansi pa gwafa n'kumupatsa tsache.

Koma ntchito yomaliza imene atate anagwira panyumbapo inali ya dzulo lake. Ndinawapeza pangodya paja atagwada, akudula nthambi za nkhadze n'kumazika m'mipata yonse imene mbuzi zinaboola. Ankatsata mmene mpanda unakhotera, ndi maso okha, chingwe chili m'thumba. Amai anali pambuyo pawo ndi chitini cha madzi akuthirira.

Ine ndinatsala ku Kabwe. Ndikadutsa ku Nakoli ndinkaona kantemba kaja katabisala kumbali, ogula akuzungulira akung'ung'udza, ndipo pansi pa gwafa pali mizere ya tsache. Mai wa kapenta akandiona ankandikuwira za mbeba msewu wonse ukumva, n'kundidzazira magwafa m'chikwama kuti ndikapereke kum'mawa. Amai ankawalandira, ndipo tsopano ankadya.

Ulendo uliwonse ndikafika kumudzi ndinkayesa amai ndiwo ayambe kufunsa. Koma ankayamba ndi atate, ndisanatule n'chikwama chomwe, asanafunse za adzukulu awo, chifuwa chikulira.

"Mpanda uja ukadali wokhota?"

"Ukadali wokhota, atate."

Ankagwedeza mutu n'kutsamira pampando. "Chabwino. Asauongole."